Kanema wa Madola 200 ndi Maweruzo a Omuonerera

Masiku ano munthu wa ku Chikwa, m'boma la Chama, safunikanso kupita ku Lusaka kapena ku migodi kuti akaone kanema. Kanema amadza yekha m'cigwa ca Luangwa atasungidwa m'foni, ndipo akafika amayenda nyumba ndi nyumba monga moto wopala kwa mnansi. Anyamata ambiri amakonda akanema a nkhonya ndi mateche, aja timawachula kuti a karate kapena a kung fu. Kanema akatha mkangano umayamba: wina ati anali wabwino, wina ati tangotaya nthawi. Mkangano wotere suli wacabe, pakuti munthu wosadziwa cifukwa cimene akondera cinthu sangathe kupanga cace ca iye mwini. Tsono tiyeni titenge kanema mmodzi wa mtundu umenewu, wopangidwa ndi Aafrika anzathu, ndi kuyesa maganizo a anthu amene anamuonerera.

Dzina lace ndi Who Killed Captain Alex?, ndiko kunena kuti, Ndani anapha Captain Alex? Anapangidwa m'caka ca 2010 ku Wakaliga, komboni ya anthu osauka mu mzinda wa Kampala ku Uganda. Womupanga, Isaac Nabwana, kale anali woumba njerwa. Luso la kanema anadziphunzitsa yekha, ndipo kompyuta yolumikizira zithunzi anaimanga ndi zidutswa za makompyuta akale. Ndalama zonse zimene anamwaza pa nchitoyi sizinafike madola 200 a ku America. Nkhani yace ndi yaifupi. Captain Alex, msilikali wolimba mtima, atumidwa kukathyola gulu la acifwamba lochedwa Tiger Mafia, limene mkulu wace ndi Richard. Asilikali agwira mbale wa Richard, ndipo posacedwa Alex apezeka ataphedwa. Pamenepo mbale wace wa Alex, katswiri wa kung fu dzina lace Bruce U, adza kudzafuna amene anapha mbale wace.

Woonerera woyamba ndiye wonyoza. Iye amati: helikopita ija ioneka poyera kuti ndi yojambula pa kompyuta, mfuti zija ndi zitsulo zotola kudzala, mwazi uja ndi utoto. Zonsezi ndi zoona, ndipo Nabwana sanazibise. Koma wonyozayu walakwa muyeso. Mwana akapanga galimoto ya waya sitimfunsa kuti injini iri kuti. Timayang'ana ngati mawilo azungulira ndi ngati ciongolero cikhota bwino. Kwa Acewa a ku Katete ndi ku Chadiza cirombo ca gule wamkulu cimalukidwa ndi makoko a cimanga, koma cikalowa m'bwalo palibe amene amadandaula kuti si nyama yeniyeni. Anthu amaweruza kabvinidwe kace. Sewero liri lonse ndi pangano: osewera ayerekeza, oonerera abvomera kuyerekezako. Ngakhale kanema wa ku Hollywood wodya mamiliyoni a madola ndi woyerekeza yemwe, kungoti msoko wace ndi wobisika. Ndipo tonse taonapo akanema owala bwino amene sanatisiyire kanthu mumtima. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Woonerera waciwiri ndi wobvuta kumtsutsa, cifukwa iye amatama. Kanemayu ataikidwa wathunthu pa YouTube m'caka ca 2015, anthu mamiliyoni a ku maiko akutali anamuona, ndipo ambiri a iwo anati akoma cifukwa ca kuipa kwace komweko. Kutama kotere kuli ndi mnyozo m'kati, pakuti kuyesa kuti anthu a ku Wakaliga anafuna kupanga cinthu coopsa nalephera, ndipo ife tiseka kulephera kwao. Koma amene waonerera mofatsa adziwa kuti kusekako kunaikidwamo dala. Umboni wace ndi liu la munthu wochedwa VJ Emmie, limene limveka kuyambira paciyambi kufikira pamapeto. M'tinyumba toonetsera kanema ku Uganda mumakhala munthu wogwira cokuzira mau, amene amamasulira nkhani, nachula osewera maina, nawonjeza nthabwala zace. Emmie acita comweco: aseka asilikali, acemerera womenya bwino, ngakhale kunyoza wogwa pansi. Munthu sungamseke amene wayamba kale kudziseka yekha. Ungathe kungoseka naye pamodzi.

Mwambo umenewu si wacilendo kwa ife. Ku Malawi ndi kuno kum'mawa kwa Zambia kwafala akanema a ku China ndi a ku India oikidwa mau a Cicewa, ndipo nthawi zambiri anthu amakumbukira nthabwala za womasulira koposa nkhani yeniyeniyo. Ngakhale makolo athu anacita cimodzimodzi. Hortense Powdermaker, mai wa ku America amene anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954 kufufuza za moyo wa anthu a pa mgodi, anafotokoza m'buku lace Copper Town, la m'caka ca 1962, kuti oonerera anali kukonda koposa akanema a makaubhoyi, ndi kuti ngwazi iri yonse anali kuichula Jack, naimirira ndi kupfuula pamene nkhonya zayamba. Cingelezi ca m'kanema ambiri sanali kucimva, tero anali kufotokozerana okha. Nanga nthano za pamoto madzulo siziyenda momwemo? Wosimba akati padangokhala, omvera amayankha kuti tiri tonse, ndipo akaleka kuyankha nthano yafa. Kwa ife kuonerera sikukhala cete. Nabwana anangotenga liu la woonerera nalilowetsa m'kanema mwenimwenimo.

Woonerera wacitatu ndiye amene ayandikira coonadi. Iye salabadira helikopita. Maso ace ali pa matupi a osewera. Mfuti ingathe kukhala yabodza, koma munthu wodumpha m'mwamba, nazungulira, naponya mwendo pa msinkhu wa mutu wa mnzace, ameneyo wacitadi cinthuco, ndipo wacita cifukwa ca miyezi yambiri ya thukuta. Anyamata a ku Wakaliga anaphunzira kung fu kwao komweko, ndipo cuma ceniceni ca kanemayu ndi cimeneci. Dzina la Bruce U likumbutsa Bruce Lee, amene anamwalira m'caka ca 1973, caka comwe anaturutsa Enter the Dragon. Koma mzimu wa kanemayu uli pafupi ndi Jackie Chan, amene mu Drunken Master, m'caka ca 1978, anaonetsa kuti nkhonya ndi kuseka zingathe kuyendera pamodzi, ndi kuti ngwazi imaloledwa kuterereka ndi kumva kuwawa. Cifukwa cimene timakondera zotere sicisowa. Munthu wa manja okha amene agonjetsa gulu la anthu a zida ndiye Kalulu wa m'nthano zathu, wamng'ono wopambana Njobvu ndi macenjera.

Komabe tisakhale ngati nakubala amene mwana wace salakwa. Kanemayu ali ndi zirema zimene sizicokera ku kusowa ndalama, ndipo izi ndizo woweruza ayenera kuchula. Coyamba, nkhani siinalukidwe bwino. Dzina la kanema lifunsa funso, koma kufikira pamapeto sitiuzidwa amene anapha Alex. Ndipo kulemba mathero abwino sikufuna ngwee ndi imodzi yomwe. Caciwiri, akazi apatsidwa malo ocepa, ndipo mkazi amene tiyamba kumcitira cifundo, uja anaomberedwa ndi mwamuna wace Richard, nkhani imsiya m'njira. Cacitatu, kuombera mfuti kwacuruka kotero kuti kumamiza nkhonya, pamene nkhonyazo ndizo zokoma. Makolo amene amada nkhawa poona ana akuseka anthu ogwa ngati mapira pokolola ali ndi mfundo, ndipo kanemayu si wa tiana. Tikumbukire kokha kuti Nabwana anabadwa m'nthawi ya Idi Amin nakulira m'zaka za nkhondo ya m'dziko lace. Munthu woteroyo akasandutsa mfuti kukhala coseketsa, sitiyenera kufulumira kunena kuti sadziwa kuopsa kwace.

Zimene zinatsatira zitiphunzitsanso kanthu. Alan Hofmanis wa ku New York, ataona kacidutswa ka kanemayu, ananyamuka m'caka ca 2011 napita ku Kampala kukagwira nchito pamodzi ndi Nabwana. Kanema wao wina, Bad Black, analandira mphotho ya oonerera pa cionetsero ca Fantastic Fest ku Austin, Texas, m'caka ca 2016, ndipo wina wochedwa Crazy World anaonetsedwa ku Toronto m'caka ca 2019. Koma Nabwana sanayambe nchito ndi maso a ku Toronto. Anapangira anansi ace, m'cinenero cao ca Ciganda, ndipo osewera okha ndiwo anali kuyenda khomo ndi khomo kugulitsa madivid. Ngakhale zithunzi zoyamba za Captain Alex anazifafaniza m'kompyuta kuti apeze malo a kanema wotsatira, posaganiza kuti anthu akunja adzamfuna. Anthu akutali anamkonda cifukwa anayamba wakondweretsa a pafupi.

Inu amene mwatsiriza sukulu, nkhaniyi ikhudza inu. Kale akanema a Aafrika a kuno anali kupangidwa ndi ena. Bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba m'caka ca 1948, linaturutsa akanema monga Mulenga Goes to Town, a munthu wa kumudzi amene apusitsidwa m'tauni, ndipo colinga cao cinali kutilangiza. Lero foni zambiri zimajambula zithunzi zoyenda, ndipo nkhani ku Chikwa sizisowa: alonda a m'minda ya mpunga olimbana ndi njobvu usiku, asodzi a pa Luangwa, ulendo wa ku boma pamene mitsinje yadzala. Amene adzayesa kuziika m'kanema, kaya m'Cisenga kaya m'Cinyanja, adzakumana ndi oonerera atatu omwewa. Woyamba adzamuuza kuti adikire kufikira atalemera, ndipo akamvera sadzayamba konse. Waciwiri adzamtama monga atamira mwana wophunzira kuyenda, ndipo akakhutira nazo sadzakula. Wacitatu yekha ndiye adzamthandiza.

Tsono poweruza kanema wa mtundu uwu funso la ndalama tilisiye, tifunse mafunso atatu. Kodi anatilonjeza ciani? Kodi colonjezaco wacicita ndi luso lace lenileni? Nanga ndi ziti zimene analephera, zimene akadatha kukonza popanda ndalama? Captain Alex analonjeza nkhonya ndi kuseka, ndipo zonse ziwiri wapereka mosaumira. Analonjezanso kutiuza wakupha, ndipo pamenepo ali nafe ndi ngongole.