Tchana ndi Garbanzo: Dzina la Mbewu Litsata Njira Yake

Alipo aphunzitsi ena amene amati liwu lililonse lochokera kunja liipitsa chinenero, ndipo mwana akalilemba m'chimangirizo, iwo amalidula ndi inki yofiira. Maganizo otere ayenera kuyesedwa, ndipo choyesera chabwino chili m'minda ya ku Chiradzulu, kumene alimi amabzala tchana mvula ikamapita kumapeto.

Mbewu imeneyi inayamba kulimidwa kale lomwe m'dera limene lero lili kumwera chakum'mawa kwa dziko la Turkey, ndipo m'maiko momwe inafika inalandira maina osiyanasiyana. Aroma anaitcha "cicer", liwu limene linabala dzina la mlankhuli wawo womveka, Cicero, ndiponso dzina la sayansi limene Linnaeus anaipatsa mu 1753, Cicer arietinum. Anthu a ku Spain amati "garbanzo", kutanthauza chomeracho pamodzi ndi njere zake. M'chilankhulo chawo chakale ankati "arvanço". Iwo atawoloka nyanja m'zaka za m'ma 1500, anapita ndi mbewuyo ku America, dzina ndi kutsagana nayo. Nchifukwa chake kufikira lero ambiri a ku United States amati "garbanzo", ngakhale chinenero chawo ndi Chingerezi.

Nanga bwanji mlimi wa ku Chiradzulu satero? Chifukwa iye dzinali analimva kwa anthu ena. Amwenye amene anatsegula masitolo ku Blantyre ndi ku Limbe anali kuitcha "chana", monga atero m'Chihindi ndi m'Chigujarati, ndipo lilime la eni dziko linaumba liwulo nilisandutsa tchana. Momwemonso "batata" wa Apwitikizi anasanduka mbatata, ndi "sapato" anasanduka nsapato. Koma ndani angaimirire pamsika nanena kuti mbatata si Chichewa?

Apa mpamene palakwira odula aja. Iwo ayesa kuti atchinjiriza chinenero, koma afafaniza mboni. Liwu lobwereka lisunga mbiri ya malonda ndi maulendo imene mabuku a sukulu sailemba kawirikawiri. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Tsono mphunzitsi wanzeru asafunse ngati liwu lili lachilendo, koma ngati mayi wa mwanayo alidziwa poika mphika pamoto. Likakhala lotero, lakhazikika. Atume ana akafunse agogo awo maina a mbewu za m'munda, ndipo phunziro la chinenero lidzasanduka phunziro la mbiri ya kwawo.