Mpango wa Kumutu ndi Ufulu wa Mkazi

Pa doko la Monkey Bay, kumene amayi amayanika usipa, pamamveka mawu akuti mkazi wolowa Chisilamu wangotsata mwamuna, ndipo mpango umene wafunda kumutu wamtsekanso pakamwa. Tiyeni tiyese mawu amenewa mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba, onena zimenezi aiwala mbiri ya m'mbali mwa nyanja yathu. Ku Nkhotakota kunali mkazi dzina lake Mtumwa binti Ali, amene anaphunzira ku Zanzibar. M'chaka cha 1929 iye anabweretsa kwawo njira ya Kadiriya, naphunzitsa amuna ndi akazi omwe. Mpango sunamletse kulankhula.

Chachiwiri, aiwala mwambo. Ayao ndi Anyanja a ku Mangochi amawerenga mtundu kuchikazi. Mwamuna amapita ku chikamwini, ndipo munda ndi ana n'za mbumba ya mkazi. Mfumu Makanjira inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, koma mwambo umenewu ulipobe. Chisilamu chinawonjezapo mahari, amene ali chuma cha mkazi mwini, osati cha atsibweni ake.

Komabe iwo amene amati zonse zili bwino sanena zoona zonse. Lamulo la Chisilamu limapatsa mwana wamkazi theka la cholowa chimene mlongo wake alandira, ndipo limalola mwamuna kukwatira akazi anayi. Mkazi wolowa chifukwa cha ukwati, ngati sanaphunzitsidwe, amangodziwa zimene mwamuna wake wasankha kumuuza. Amamva za udindo wake, koma za mahari ndi za ufulu wake samva. Choopsa chili pamenepa, pa umbuli.

N'chifukwa chake tiyamika pangano la mu 2021, limene atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasaina mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, lolola atsikana kuvala hijabu m'sukulu za mipingo. Mwana wamkazi wa mayi wotere tsopano angathe kuphunzira osavula mpango wake.

Tsono inu owerenga, mukaona mnansi wanu wafunda mpango, musafulumire kumuweruza. Funsani izi: Kodi analowa mwa kufuna kwake? Munda wa amayi ake akali nawo? Ndalama za usipa amasunga ndani? Kodi angathe kudziwerengera yekha zimene chipembedzo chake chimalamula? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo adzakuuzeni ngati mkaziyo ali mfulu.