Kafukufuku wa ku Helsinki: Kodi psychoanalysis imakonza maubale?

Munthu wodwala matenda okhumudwa kapena a nkhawa nthawi zambiri amavutikanso kukhala bwino ndi anthu. Wina amalephera kukana chilichonse, wina amadzipatula, wina amakayikira aliyense. Akatswiri a psychoanalysis, njira imene anayambitsa Sigmund Freud, amati makhalidwe otere amayambira ku ubwana, ndipo wodwala amawaonetsanso kwa womuthandiza. Akawazindikira pamenepo, amayamba kusintha.

Helsinki Psychotherapy Study ya ku Finland, yotsogoleredwa ndi Paul Knekt, inafuna kuyesa zimenezi. Odwala 326 anagawidwa mwa maere m'magulu atatu: uphungu wofuna mayankho wa maulendo osapitirira 12, uphungu wozama wa maulendo 20, ndi uphungu wozama wa zaka pafupifupi zitatu. Enanso 41 analandira psychoanalysis yeniyeni, kanayi pa sabata kwa zaka pafupifupi zisanu. M'chaka choyamba, a njira zazifupi anapeza bwino msanga. Patatha zaka zitatu, a uphungu wautali anawapitirira, ndipo pofika chaka chachisanu a psychoanalysis ndiwo anali patsogolo.

Vuto lalikulu lili pa anthu 41 aja. Iwo sanagawidwe mwa maere. Analowa mwa kufuna kwawo, atapezeka kuti njirayo ikuwayenera. Munthu amene angathe kukakhala kwa dokotala kanayi pa sabata kwa zaka zisanu si wodwala wamba, choncho nkovuta kulekanitsa mphamvu ya chithandizocho ndi mphamvu imene iye anali nayo kale. Komanso odwala ambiri a m'magulu afupi anapita kukafuna chithandizo china pambuyo pake, zimene zimasokoneza kuyerekeza.

Muyeso wa maubale nawo ndi wopereweza. Mafunso a Inventory of Interpersonal Problems amayankhidwa ndi wodwala mwini. Mkazi wake, mwamuna wake kapena ana ake safunsidwa ngati kunyumba kwasintha, chonsecho ndiwo amene amakhala naye.

Ngakhale zili choncho, ofufuzawa ayenera kuyamikiridwa chifukwa anatsatira odwala kwa zaka khumi, zimene ndi ochepa amachita. Chizolowezi cha munthu pa maubale nthawi zambiri chimasintha pang'onopang'ono. Alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka amene amapereka uphungu wa maulendo asanu ndi umodzi, monga wa Friendship Bench yochokera ku Zimbabwe, asafulumire kutseka faelo wodwala akangoyamba kugona bwino. Pa ulendo wotsatira amufunse mmene zikuyendera ndi a m'banja lake.