Woyang'ana ndi Choyang'anidwa: Kupenda Mabuku Aŵiri pa Sayansi ndi Chibuda

Chaka chatha wophunzira wina wa filosofi anandibweretsera buku long'ambika chikuto la Fritjof Capra, lotchedwa The Tao of Physics, nati ndi nkhope yoŵala: "Bambo, asayansi apeza tsopano kuti dziko limapangidwa ndi maganizo a munthu, monga momwe Abuda ankanenera kale." Sindinamutsutse pomwepo. Ndinamubwereka buku lina, The Embodied Mind, la Francisco Varela, Evan Thompson ndi Eleanor Rosch, kuti tidzakambirane onse aŵiri pamodzi. Zimene ndilemba pano zatuluka m'kukambiranako. Mabuku aŵiriŵa anthu amawaika pa thandala limodzi, koma kulemera kwake nkosiyana kwambiri.

Buku la Capra linatuluka m'chaka cha 1975. Mfundo yake ndi yakuti fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono yaonetsa kuti dziko si mulu wa zinthu zoima pazokha, koma ukonde umodzi wolukanalukana, ndi kuti anzeru a Kum'maŵa anaona zomwezo posinkhasinkha. Capra amalemba mokoma, ndipo fizikisi amaidziŵa. Komabe amathira Chihindu, Chibuda ndi Chitao mu mphika umodzi, ngati kuti anthu amene anatsutsana zaka mazana ambiri pa nkhani yakuti munthu ali ndi mzimu wosatha kapena ai ankanena chinthu chimodzi. Choipa kuposa apo nchakuti anatsamira kwambiri pa chiphunzitso cha Geoffrey Chew, chonena kuti palibe kanthu kamene kali maziko a tinzake, koma kalikonse kamapangidwa ndi tina tonse. Chiphunzitsocho chinkamveka bwino pambali pa mau a Abuda. Tsoka lake, chiphunzitso chopikisana nacho, cha tinthu totchedwa quark chimene Gell-Mann ndi Zweig anapereka mu 1964, ndicho chinapambana, makamaka pambuyo pa zimene zinapezeka mu Novembala 1974. Mzati wa nyumba unali utadyedwa kale ndi chiswe pamene denga linkafoleredwa.

Nanga za woyang'ana, zimene zinamkondweretsa wophunzira wanga? Mu 1927 Heisenberg anaonetsa kuti malo a elekitironi ndi kuthamanga kwake sizingakhale zotsimikizika bwinobwino zonse ziŵiri pa nthaŵi imodzi. Nzoona kuti m'fizikisi ya kwantamu zimene timapeza zimadalira mmene tayalira zida zoyesera. Koma mau akuti "woyang'ana" asatinyenge. Woyang'anayo angathe kukhala makina osamva kanthu, osiyidwa okha usiku wonse m'chipinda chotseka. Eugene Wigner ananenadi mu 1961 kuti kuzindikira kwa munthu nkumene kumamaliza kuyesako, koma pambuyo pake anasiya maganizo ameneŵa, ataona ntchito ya Dieter Zeh ya 1970 yofotokoza mmene kukhudzana ndi mpweya, kuŵala ndi fumbi kumafafanizira zachilendo za kwantamu popanda diso la munthu. Sindikunena kuti funso la kuyesa linatha, asayansi akutsutsanabe. Ngakhale kulumikizana kodabwitsa kwa tinthu tiŵiri totalikirana, kumene John Bell anapezera njira yokuyesera mu 1964, Alain Aspect nakutsimikiza mu 1982, sikutiuza kanthu za maganizo a munthu. Mphoto ya Nobel ya 2022 inaperekedwa chifukwa cha zoyesa zimenezi, osati chifukwa cha kusinkhasinkha.

Ife Akatolika tisaseke msanga, pakuti dzenje limeneli tinaligweramo nafenso. Mu 1951 Papa Pius XII analankhula ngati kuti chiphunzitso cha chiyambi cha thambo chikuchitira umboni za kulenga kwa Mulungu. Amene sanakondwere nazo anali Georges Lemaître, wansembe yemwe anayambitsa chiphunzitsocho. Iye ankadziŵa kuti womangirira chikhulupiriro pa fizikisi ya lero adzachimasula maŵa fizikisiyo ikasintha. Capra anachitira Chibuda zimene Lemaître anakana kuchitira Chikhristu.

Buku lachiŵiri, la 1991, ndi la mtundu wina, ndipo ndilo loyenera nthaŵi yathu. Varela, katswiri wa zamoyo wa ku Chile, ndi anzake aŵiriwo sakufuna chithandizo cha ma elekitironi. Funso lao ndi ili: sayansi imayesa ubongo kuchokera kunja, koma kumva kuŵaŵa, kuona kufiira kwa dzuŵa poloŵa, kukumbukira mai ako, zonsezi zimadziŵika kuchokera mkati, kodi mbali ziŵirizi zingakumane bwanji? Apa ndipo amatembenukira ku fenomenoloje, njira ya Edmund Husserl. Husserl ankati tiyambe taimika pambali chizoloŵezi chathu choganiza kuti tikudziŵa kale chimene dziko lili, tiyang'anitsitse mmene zinthu zimadzionetsera kwa ife. Mfundo yake yaikulu, yakuti kuzindikira kulikonse ndi kuzindikira chinthu china chake, anaitenga kwa Franz Brentano, amene anakhalapo wansembe, ndipo Brentano anaitenga kwa aphunzitsi a zaka zapakati omwe timaŵerenga m'seminale. Merleau-Ponty, m'buku lake la 1945, anaonjeza kuti wozindikirayo ndi thupi lamoyo loyenda ndi kugwira, osati maganizo oyandama.

Dandaulo la olembaŵa nlakuti anzeru a ku Ulaya anafotokoza zimenezi atakhala pa desiki, pamene amonke Achibuda anazisandutsa mwambo wa tsiku ndi tsiku. Wosinkhasinkha wophunzitsidwa bwino akayang'ana mkati mwake amapeza magulu asanu otchedwa skandha: thupi, kumva kukoma kapena kuŵaŵa, kuzindikira mtundu wa chinthu, zokhumba ndi zizoloŵezi, ndiponso kudziŵa kwenikweniko. Zonse zimadza ndi kupita, ndipo mwini wake wosasintha sapezeka. Asayansi nao akafufuza ubongo sapeza malo amodzi pamene pakhala mfumu yolamula. Chigawo cha bukuli chonena za mitundu ya zinthu ndicho chokoma koposa. Kufiira sikuli m'kuŵala kokha, ndiponso sikuli m'mutu mokha. Kumabadwa pamene cholengedwa cha maso akutiakuti chikumana ndi dziko. Njuchi imaona kuŵala kumene ife sitiona konse. Pamenepa olembawo amaitana Nagarjuna, mphunzitsi wa ku India wa zaka za m'ma 200, amene anaphunzitsa kuti chinthu chilichonse chimakhalapo modalira zina, ndipo chilibe umwini woima pawokha. Tisalakwe: iye sankanena kuti kulibe kanthu.

Ndili ndi zodandaula zitatu, koma ziŵiri zoyamba ndidzazitchula mwachidule, chifukwa Thompson mwini wake anazivomera. Mu 2007 analemba kuti iye ndi anzake anamuweruza Husserl molakwa, osadziŵa bwino zimene analemba za thupi ndi za nthaŵi. Mu 2020 anatulutsa buku lotsutsa chizoloŵezi chosandutsa Chibuda kukhala sayansi ya maganizo. Kusinkhasinkha si galasi loyera. Mmonke amene waphunzitsidwa zaka 10 kuti sadzapeza mwini wake ali ngati mlenje amene wauzidwa kale nyama imene mulibe m'thengomo. Mtima wa Mkarmeli nao umaumbidwa ndi chiphunzitso chake, ndipo sitichita manyazi kuvomera.

Chachitatu ndicho chachikulu. Kodi "ine" amene akukanidwayu ndi uti? Ngati ndi kamunthu kobisala m'mutu, kokoka zingwe za thupi, Tomasi wa ku Aquino akadakana nao limodzi, pakuti kwa iye mzimu ndiwo umene umapanga thupi kukhala thupi lamoyo la munthu, ndipo mzimu pawokha si munthu yense. Koma kusapeza mwini wake pakati pa zinthu zoyang'anidwa sikutsimikiza kuti kulibe woyang'ana. Minga ikandilasa, sindiyamba ndafufuza kuti ululuwo ngwa yani. Umabwera uli kale wanga. Edith Stein, wothandizira wa Husserl, anaonetsa m'ntchito yake ya 1916 kuti ndikaona mnzanga akulira ndimazindikira chisoni chake ngati chake, osati changa. Chifundo chimene olemba athu amachitamanda m'mitu yotsiriza chimafuna anthu aŵiri osasungunukirana. Ine amene ndimakhala m'kanyumba kolapira ndimamva mau akuti "ndine ndinachita", ndipo sindikuona mmene magulu asanu odza ndi kupita angawanenere moona.

Pali malo amodzi pamene Nagarjuna ndi Tomasi amayandikana kuposa mmene olembaŵa anaonera. Onse aŵiri amakana kuti chinthu cha m'dziko lino chimadziimira chokha. Kwa Tomasi kulengedwa ndiko kudalira kotheratu, mphindi iliyonse. Amasiyana pa funso lakuti kudalirako kuli ndi Gwero kapena ai. Carlo Rovelli, m'buku lake la 2020, anabwereranso kwa Nagarjuna pofotokoza kwantamu, koma anasamala kusanena kuti mmonkeyo ankadziŵa fizikisi. Msonkhano Wachiŵiri wa Vatikani, m'chikalata cha Nostra Aetate cha 1965, unatchula Chibuda mwaulemu chifukwa chozindikira kupereŵera kwa dziko losinthasinthali. Ulemu umenewu umatikakamiza kuŵerenga Abuda monga alili, ndi kutsutsana nao pamene tisiyana, m'malo mowabwereka mau oti tikometsere nao sayansi.

Wophunzira uja anasunga buku la Varela miyezi itatu. Polibweza anandifunsa ngati munthu wogona tulo tofa nato, wopanda ndi loto lomwe, akadali ndi "ine" amene ndinkamuteteza uja. Ndinamupatsa zimene Tomasi analemba za kusiyana kwa mphamvu za mzimu ndi ntchito zake, ndipo tinapangana kudzakumananso pambuyo pa Pasaka.