Mlembi Wosanthula Mitima

Pakati pa amisiri a ku Japan amene amasimba nthano ndi zithunzi, luso lotchedwa manga, ine ndimavulira chipewa Naoki Urasawa, amene kuyambira 1994 kufikira 2001 analemba Monster m'mabuku 18, natisonyeza kuti mtima wa mnzako ndi tsidya linadi.

Taonani m'nthanoyi wapolisi Lunge wa ku Germany, munthu wosaiwala kanthu, amene zala zake zimagwedera kosalekeza monga zikulemba pa makina osaoneka. Iyeyu, pokhulupirira nzeru zake koposa umboni, anasakasaka dokotala Tenma wosalakwayo, osatembenuka ngakhale pamene mkazi wake ndi mwana wake anamuchokera. Tenma naye, amene anapulumutsa kamnyamata Johan mu mzinda wa Düsseldorf poyesa miyoyo yonse kukhala yofanana, ananyamula mfuti ndi dzanja lomwelo lochiritsa, atazindikira kuti analanditsa wakupha anthu.

Ulemu wanga ukhale pa mmisiri Urasawa, pakuti safulumira kuweruza, koma ayenda ndi munthu aliyense kufikira gwero la zochita zake litaonekera, ndipo pamene Lunge wodzikuzayo apepesa kwa Tenma, ifenso owerenga tiweramitsa mitu.