Kufiira Kokha Sikukwanira Kabwe

Chilimwe chikafika, Facebook imadzaza ndi zithunzi za dzuwa likulowa mu Kabwe. Zambiri zimakhala zofiira psuu, chifukwa fumbi ndi utsi wa lupsa zimamwaza kuwala kwa buluu, kofiira n'kutsala. Ojambula amawonjezeranso kufiirako ndi filter, pansi n'kulembapo mawu achikondi.

Dandaulo langa ndi ili: kufiira kukapyola muyezo, chithunzi chimangouza mtima kuti usangalale, basi. Komatu madzulo a Kabwe si chisangalalo chokha. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mphepo ikuulutsabe fumbi la mtovu kuchokera pa Black Mountain kukafika ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, pamabwalo pomwe ana amasewera.

Chithunzi chimene chinandikhudza ine chinalibe filter. Kumwamba chikasu chozilala, pansi chimulu chakuda bii, pakati mnyamata akukankha wilibala. Chikasucho chinandikumbutsa nsima ya madzulo kwa amayi, kudako kunandipatsa mantha. Mitundu iwiriyo inkalimbana, ndipo ndi mmene ambiri timaumvera mzinda wathuwu.

Anzanga ojambula, musamafute mdima pachithunzi. Nawonso uli ndi mawu.