Nyimbo yoyamika imene wosauka sangayimbe

Nyimbo zoyamika Mulungu zimene makwaya ambiri akupeka masiku ano zandifika pakhosi. Zasanduka kaundula wa katundu: galimoto, nyumba ya malata, ukwati woyera, mwana amene akutumiza ndalama kuchokera ku Joni. Wopeka akatha kuwerenga zonsezi amathirapo tsabola, ati adani aone, amene ankamuseka achite manyazi. Pa mpikisano oweruza amangoyang'ana yunifomu ndi masitepe, osafunsa kuti nyimboyi angathe kuyimba ndani.

Muyeso wanga ndi umodzi. Pa Sabata la masika ku Tsangano kapena ku Lizulu, mlimi wina amafika ndi matumba a kachewere pangolo, pamene mayi wamasiye amene feteleza adamusowa amabwera ndi kambale ka nyemba atakamanga m'kansalu. Nyimbo yopekedwa bwino ayenera kuyimba onse awiri popanda wina kunama. Ya kaundula ija mayiyu angoiwombera m'manja, n'kutuluka akudzifunsa kuti Mulungu adamulakwira chiyani. Nyimbo yotsekera kunja theka la mpingo yalephera pa luso, tisanafike n'komwe pa chiphunzitso.

Chondipweteka n'chakuti mankhwala ake tili nawo pakhomo. Pitani ku Nkolimbo pa Umhlangano wa Angoni a Maseko, mukamve ngoma ikuyimbidwa pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani. Wotsogolera amaponya mawu ochepa, khamu n'kuvomera. Amaponyanso, khamu n'kuvomera mawu omwe aja, phazi likugunda pansi mosafulumira. Wotsogolera ali ndi ufulu wosintha mawu ake, koma ovomera sasuntha. Apa ndiye pagona luso lonse! Nyimbo yotere imanyamula mitima iwiri nthawi imodzi: wina akudandaula, ambiri akumugwira kuti asagwe.

Tayerekezani nyimbo ya masika yomangidwa chomwechi. Woyambitsa anene kuti nkhokwe ya mnzake yadzaza, yake ili mbee. Mpingo uvomere ndi mawu awiri atatu oyamika. Anenenso kuti anzake omwe adalowa nawo sukulu ali pantchito, iye akugulitsa kabichi pamsewu. Mpingo uvomere chimodzimodzi. Pofika ulendo wachisanu, mawu oyamika aja alemera, chifukwa adutsa m'njala, m'nsanje ndi m'manyazi koma sadasinthe. Ngakhale mwini ngolo uja akuvomera nawo, ndipo pakamwa pake mawuwo akumukumbutsa kuti matumba ake sadawalenge yekha. Woyambitsa waluso amadziwanso kulowa ovomera asanatsirize, mawu ake n'kukwera pamwamba pa besi, kotero kuti dandaulo ndi chiyamiko zimamveka pamodzi. Amadziwa kusiya mpata woti mpingo upume. Kiyibodi yathu ija, yongothamanga ndi kugunda kumodzi kuyambira pa ubatizo mpaka pa maliro, mpata wotere siidziwa.

Wina anena kuti kutchula nsanje m'tchalitchi n'kuchepa chikhulupiriro. Awerenge Salmo 73. Asafu akuulula poyera kuti adachitira nsanje anthu odzikuza ataona mtendere wawo, ndipo adatsala pang'ono kuterereka. Kuyamika kwake kukubwera kumapeto, atayamba wanena zoona. Habakuku 3 naye akuyamba watchula mkuyu wosaphuka ndi makola opanda ng'ombe asanakondwere mwa Mulungu. Amene adayamika powerenga zabwino zake n'kudziyerekeza ndi mnzake ndi Mfarisi wa pa Luka 18, ndipo tonse tikudziwa mmene Yesu adamuweruzira. Nanga bwanji opeka athu asankha kukhala ophunzira a Mfarisi?

Nyimbo za m'buku zimene zidazika mizu m'mamishoni monga Mlanda, Gowa ndi Dombole, kapena za Akatolika kuyambira pamene ansembe a Montfort adafika ku Nzama mu 1901, sindilimbana nazo. Zili ndi malo ake, ngakhale zina mawu a Chichewa adachita kuwakanikiza m'maimbidwe achizungu. Aphunzitsi enieni a luso ndikunenali ndi amayi a Mvano ndi a Chigwirizano pa siwa. Kulibe sipika, kulibe malikisi. Mmodzi amayambitsa ndi mawu osasa, enawo n'kuvomera, ndipo namfedwa amene sangathe kuyankhula amapezeka akuvomera nawo. Palibe amene amamuwerengera madalitso a anthu ena.

Akwayamasitala a ku Ntcheu, musanaphunzitse nyimbo yatsopano, chotsanimo mzere uliwonse umene munthu wopanda kanthu sangauyimbe moona. Mukapeza kuti yatsala kolasi yokha, musadandaule; yambirani pomwepo, mupatse woyambitsa dandaulo lenileni la m'mudzi mwanu. Inunso oweruza, tsitsani malikisi a yunifomu, mukweze a nyimbo imene mpingo wonse wavomera osauzidwa.